Zala Ziyambe, Tikiti Pambuyo

  Sendezani wailesi kufupi, chifukwa nkhani ya lero ili ndi timfundo tofuna khutu lonse.

Lero tikamba za mapepala okhalira m'dziko la eni. Funso lathu ndi ili. Munthu wavutika zaka zambiri mpaka wapeza chilolezo chokhazikika ku America, chimene amati green card. Asanapume n'komwe, ntchito yabwino yamupeza m'dziko lina. Akanyamuka, chilolezo chija chitsala bwanji? Nanga tsiku limene boma lamuikira kuti akadinde zala likafika iye atakwera kale ndege, zimatha bwanji?

Mwina wina ali ku Ntcheu kapena ku Chipata akuti, za ku America zindikhudza chiyani ine? Taimani kaye bambo. Mwana wa mlongo wanu uja anachita mwayi pa mpikisano wa green card, mlamu wanu uja ali ku South Bend ku Indiana, mtsikana wa kumpingo kwanu uja akusamalira okalamba ku Manchester, onsewo nkhaniyi ndi yawo. Ndipo kawirikawiri amene amaimba foni kuti "bwera msanga" ndife akumudzi. Tikadziwa chimene chawamanga miyendo, tidzaleka kuwanena kuti anayamba kunyada kapena anaiwala kwawo.

Tiyamba ndi kudinda zalako. Kenaka tikhalitsa pa lamulo la ku America, pakuti kumeneko n'kumene nkhaniyi imapota kwambiri. Tikatero tidutsa ku Britain ndi ku South Africa.

Kudinda zala si kwachilendo kwa ife. Ambiri mukukumbukira chaka cha 2017, pamene a NRB anayenda m'midzi kulemba anthu kuti alandire ziphaso za unzika. Munaima pamzere, munaika zala pa kagalasi kowala kaja, anakujambulani. Popangitsa pasipoti n'chimodzimodzi. Ku America, nthambi ya boma yoona za alendo okhala m'dzikomo imatchedwa USCIS, ndipo nayo imachita zomwezo. Ukapereka pempho, amakutumizira kalata yotchula tsiku, ola ndi malo. Sakufunsa ngati tsikulo lakukomera. Amangokuikira basi.

Tsikulo likakwana, umatenga kalata ija pamodzi ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chako. Ukalowa umakhala pampando kudikira kuitanidwa. Wogwira ntchito amagwira dzanja lako n'kukanikiza zala zinayi pagalasi, kenaka za dzanja linalo, kenaka zala zazikulu ziwiri. Nthawi zina amagubuduza chala chimodzichimodzi kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo. Zikakhala zouma kwambiri amazinyowetsako pang'ono. Akujambula nkhope, usayina, iye n'kumenya chidindo pa kalata yako kusonyeza kuti unabwera. Zonsezi kawirikawiri sizitha theka la ola. Kulibe mayeso, kulibe mafunso ozunguza mutu. Zidindo za zalazo amazitumiza ku FBI, apolisi ofufuza milandu a kumeneko, kuti aone ngati uli ndi mlandu.

Kantchito kochepa kameneka n'kamene kamagwetsa anthu. Ukapanda kupita, osapempha kusintha tsiku nthawi isanakwane, amatenga ngati pempho lako walitaya wekha, ndipo amalikana. Ndalama unalipira zija zapita. Loya akhoza kukulemberani fomu, amuna anu akhoza kukulandirirani kalata, koma zala palibe angakubwerekeni.

N'chifukwa chake mfundo yathu ya lero ndi iyi, ndipo ndiibwereza mpaka mutopa nane: zala ziyambe, tikiti ya ndege pambuyo.

Tsopano tiyerekeze mayi wina, namwino, amene wakhala ku Indiana zaka 3 ndi green card. Bungwe lina lamupatsa ntchito ya zaka ziwiri ku Nairobi. Malipiro ndi abwino, nyumba ampatsa, ndipo kuchoka ku Nairobi kufika ku Lilongwe ndi maola ochepa pa ndege, amayi ake okalamba aziwaona pafupipafupi. Ndani angakane? Iye atulutsa khadi lake m'kachikwama, aona kuti likutha patsogolo zaka 7, n'kuika mtima m'malo. Apa ndi pamene ambiri amapusira.

Khadi la green card nthawi zambiri limakhala la zaka 10, izo n'zoona. Koma khadi ndi umboni chabe. Chimene boma la America linapereka ndi ufulu wokhala m'dzikomo ngati kwanu, ndipo ufuluwo umakhalapo pokhapokha ngati America ikadali kwanu. Zili ngati munda umene amfumu anakupatsa m'mudzi womwe unafikamo ngati mlendo. Ukamalima chaka ndi chaka palibe amakufunsa kanthu. Ukausiya mpaka tchire kumera, usadzadabwe kumva kuti mundawo unaubweza wekha.

Pali malire awiri oti muwasunge m'mutu. Oyamba ndi miyezi 6. Mukakhala kunja kupitirira pamenepo, wa pabwalo la ndege ali ndi mphamvu yokufunsani bwinobwino: munali kuti, mumachita chiyani, kwanu kwenikweni n'kuti? Achiwiri ndi chaka. Mukatha chaka chathunthu muli kunja, khadi lija palokha silikulowetsaninso, ngakhale tsiku lake lotha likhale kutali chotani. Miyezi 6, mafunso. Chaka, khadi lasiya kugwira ntchito pakhomo.

Pali kabodza kena kamene kamayenda m'magulu a WhatsApp, koti bola uzipondako miyezi 6 iliyonse, ukhale sabata imodzi kwa mnzako, udye nsima, ubwerere. Ena zinawayenderapo, sindikana. Koma wa pabwalo la ndege amaona maulendo onse pa kompyuta yake. Akaona kuti m'zaka ziwiri mwagona ku America masabata 4 okha, ndipo tikiti yanu ndi yobwerera kumene mwachokera, amadziwa kuti mwabwera kudzacheza. Lamulo limayang'ana kumene moyo wanu uli, osati kuchuluka kwa zidindo m'pasipoti.

Nanga namwino wathu achite chiyani? Njira ilipo. Pali chikalata chotchedwa re-entry permit, chilolezo chobwereranso. Chimaoneka ngati kapasipoti, ndipo chimalola munthu wa green card kukhala kunja mpaka zaka ziwiri popanda kumutsekera pakhomo chifukwa cha kutalika kwa nthawi kokha. Amachipempha pa fomu ya I-131. Koma tamverani zimene chimafuna. Popereka pempholo, muyenera kukhala muli m'dziko la America. Simungatumize muli ku Nairobi kapena ku Area 25. Ndipo zala zake zimadindidwa ku America konko. Musaganize kuti mukangofika ku ofesi ya kazembe wa America kumene mukupitako akakudindani, ayi.

Ndiye njakata yake mwaiona. Abwana atsopano akuti mufike pa 1 mwezi wamawa. Fomu mwatumiza dzulo. Kalata ya tsiku la zala ingatenge masabata angapo, nthawi zina kupitirira. Mukanyamuka zala musanadinde, pempho likhoza kukanidwa, inu muli kale kutsidya la nyanja kumene simungapemphenso.

Anthu amachita zosiyanasiyana pamenepa. Ena amapempha a USCIS kuti awafulumizire, n'kuphatikiza kalata ya abwana yosonyeza tsiku loyamba ntchito. Akhoza kulola, akhozanso kukana, ndi chifundo chawo. Ena kalata ikangofika amapita ku ofesi ija tsiku lisanakwane kukachonderera kuti awadinde msanga. Pamenepanso palibe lonjezo, zimatengera amene mwamupeza. Ena amanyamuka ndithu fomu italandiridwa, n'kudzabwerera tsiku la zala. Zimenezo n'zotheka, koma werengani mtengo wa tikiti yogula mwadzidzidzi, ndipo kumbukirani kuti kalatayo imafika masiku atatsala ochepa. Kusintha tsiku nakonso kumaloledwa ngati mwapempha nthawi isanakwane ndipo muli ndi chifukwa chomveka, ndipo masiku ano mukhoza kutero pa akaunti yanu ya pa intaneti. Chokhacho, kusinthako kawirikawiri kumakankhira tsiku kutsogolo, pamene inu mumafuna lifupike. Nthawi zinanso amalemba kuti agwiritsa ntchito zidindo zanu zakale, musabwere. Ikakupezani kalata yotero, thokozani. Koma musagule tikiti podalira kuti ibwera.

Mukandifunsa ine, njira yosadwalitsa mutu ndi yoyamba msanga. Tsiku limene mwamva kuti ntchito ija ikuoneka ngati itheka, lomwelo yambani za fomu. Musadikire kontirakiti yosayinidwa ndi phwando lotsanzikana. Ndipo abwana atsopanowo auzeni poyera kuti tsiku lofika lidalira kalata ya boma. Bungwe limene lakufunani kuchokera ku Indiana silingakutayeni chifukwa cha masabata 3.

Zala zikadindidwa, mwamasuka. Simuyenera kudikira chikalatacho kuti chituluke, pakuti chimatha kutenga miyezi yambiri. Pa fomu pomwepo pali malo opempha kuti adzachitumize ku ofesi ya kazembe wa America ya kumene mukupita, inu n'kukachitenga kumeneko. Dziwaninso kuti chikatha sachiwonjezera masiku. Mumayenera kubwerera ku America, kupemphanso, mwinanso kudindanso zala. Ndipo amene wakhala kunja zaka zoposa 4 mwa zaka 5 zapitazo, kawirikawiri amangomupatsa cha chaka chimodzi.

Ndibwerezenso kwa amene mwangotsegula wailesi kumene: fomu iperekedwe muli m'dzikomo, zala zidindidwe muli m'dzikomo, tikiti pambuyo. Tipume pang'ono ndi kanyimbo. Tikabwerako tikamba za kalata yosochera, za msonkho, ndi za pepala lina limene simuyenera kusayina mothamanga.

(Kanyimbo kachidule)

Takulandiraninso. Tikukamba za kusunga chilolezo chokhala m'dziko la eni pamene ntchito yakuitanirani kwina.

Tiyambe ndi adiresi, kanthu konyozeka koma kowononga zambiri. Munthu akamakonzeka kusamuka amabweza nyumba ya lendi, n'kukagona kwa mnzake masabata omaliza. Kalata ya zala ija ipita kuti? Ku nyumba yakale, kumene mwalowa kale anthu ena osamudziwa. Emvulopu ija ikhala pawindo kapena ilowa m'bini, tsiku lidutsa, mwiniwake akungoti boma likuchedwa. Lamulo la ku America limati mlendo akasamuka adziwitse a USCIS pasanathe masiku 10, ndipo fomu yake ndi AR-11. Perekani adiresi ya munthu amene amatsegula bokosi la makalata tsiku ndi tsiku, amene adzakujambulirani kalata n'kukutumizirani tsiku lomwelo. Si m'bale aliyense angathe zimenezi. Tonse tili naye msuweni wokoma mtima amene amakumbukira zinthu patatha mwezi. Tsegulaninso akaunti ya pa intaneti ya USCIS, kuti muzionera nokha pamene pempho lafika.

Chachiwiri, chilolezo chobwereranso chija si chishango chotchinga zonse. Chimachotsa funso la kutalika kwa nthawi, koma funso loti kwanu n'kuti limatsalabe. Apa umboni waukulu ndi msonkho. Munthu wa green card amayenera kulemba za msonkho wake ku America chaka chilichonse ngati wokhala m'dzikomo, ngakhale ndalamazo wazipezera ku Nairobi. Sizitanthauza kuti alipira kawiri nthawi zonse, pali malamulo ochepetsa zimenezo. Koma kulemba n'kofunika. Ndipo wina akakunyengererani kuti mulembe ngati munthu wosakhala ku America kuti mupulumutse timadola, dziwani kuti mwauza boma ndi dzanja lanu kuti munasamuka. Sungani akaunti ya ku banki, laisensi yoyendetsera galimoto isathe, ndipo koposa zonse sungani kontirakiti yosonyeza tsiku limene ntchito ya kunjayo idzathe. Ntchito yokhala ndi tsiku lothera imanena kuti mudzabwerera. Ntchito yopanda malire imanena zina.

Tsopano tifike pabwalo la ndege. Mwatsika, maso ali psuu ndi tulo ta maola ambiri, mwana akulira kumsana. Wa imigireshoni wayang'ana pa kompyuta, wakutengerani ku chipinda china. Atakufunsani mafunso, akukupatsani pepala kuti musayine, akuti zinthu ziphweke. Liwerengeni. Ngati ndi fomu ya I-407, imeneyo ndi yonena kuti mukubweza green card mwa kufuna kwanu. Simukakamizidwa kusayina. Amene ali ndi mphamvu yogamula kuti ufulu wanu watha ndi woweruza wa khoti la za olowa m'dziko, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti nkhani yanu ikamveke kumeneko. Ife tinaleredwa kuti wa yunifomu akalankhula umangoti "chabwino bwana". Ulemu ndi wabwino, yankhani mofatsa, nenani zoona zokhazokha. Koma ulemu sukukakamizani kusayina chimene simunagwirizane nacho.

Nanga amene chaka chinamuthera ali kunja opanda chilolezo chobwereranso? Pali viza ina yotchedwa SB-1, yopempha ku ofesi ya kazembe. Koma khomo lake ndi lopapatiza. Uyenera kusonyeza kuti chimene chinakuchedwetsa sichinali m'manja mwako, monga matenda aakulu. Kunena kuti ntchito inali kukoma sikuthandiza, pakuti ntchitoyo unaisankha wekha.

Pali nkhani ina imene ambiri amaisakaniza ndi iyi, ndipo ndikufuna tiilekanitse bwino. Kusunga green card ndi nkhani ina, kuyandikira unzika ndi nkhani inanso. Kuti munthu apemphe unzika wa America, amafunika kukhala m'dzikomo mosadukiza zaka 5, kapena zaka 3 ngati ali pabanja ndi nzika ya kumeneko. Mwa zaka 5 zimenezo, miyezi 30 akhale ali m'dzikomo ndi thupi lake. Ulendo wopitirira miyezi 6 umaika kusadukizako pa chikayiko. Ulendo wa chaka umadula ndithu. Ndipo chilolezo chobwereranso chija sichithandiza pamenepa. Namwino wathu akhoza kubwerako ku Nairobi green card ili bwinobwino, koma n'kupeza kuti zaka 3 anasonkhanitsa zija zafufutika, ayambenso kuwerenga pafupifupi pachiyambi.

Alipo ochepa amene lamulo limawakomera. Ogwira ntchito ya boma la America kunja, a makampani ena a ku America ochita malonda ndi mayiko ena, a mabungwe a mayiko onse amene America ndi membala, ndi atumiki a mipingo, akhoza kupempha pa fomu ya N-470 kuti nthawi yawo isaduke. Ambiri a iwo amafunika kukhala atatha chaka chathunthu ku America osatulukamo chilandirireni green card. Ngati abwana anu ali m'gulu limeneli, funsani musananyamuke.

Apa mundilole ndinenepo maganizo anga. Munthu amene watsala ndi miyezi yochepa kuti akwanitse zaka 5, ndipo unzikawo amaufuna, ndi bwino adekhe amalize. Nzika ikhoza kukhala kunja zaka zonse zimene ikufuna, palibe angaifunse kuti kwanu n'kuti. Kale chimene chinkawabweza anthu m'mbuyo chinali kuopa kutaya unzika wakwawo. Lero malamulo a Malawi amalola unzika wa mayiko awiri, ndipo Zambia inalola zimenezi mu 2016. Koma amene wangotha chaka chimodzi, kudikira zaka 4 ntchito yabwino ikudutsa ndi nkhani ina. Ameneyo akhale pansi ndi banja lake, afunse mtima wake ngati America akuifunadi, kapena akungoumirira khadi chifukwa anthu kumudzi adzati chiyani. Kubweza green card mwadongosolo si mlandu, ndipo ena amasankha zomwezo.

Kamodzinso kachidule tisanachoke ku America. Amene green card yanu munaipeza kudzera m'banja longoyamba kumene, khadi lanu ndi la zaka ziwiri zokha, ndipo pempho lochotsa malirewo limaperekedwa m'masiku 90 omaliza khadi lisanathe. Yang'anani tsikulo musanavomere ntchito yakunja.

Tiwoloke tipite ku Britain, kumene abale athu ambiri anapita pa ntchito za unamwino ndi zosamalira okalamba. Popita kumeneko zala zimadindidwa kwanu konkuno, ku malo olandirira mapempho a viza, ndipo wochokera ku Malawi wokakhala miyezi yoposa 6 amafunikanso chikalata chosonyeza kuti anayezedwa TB, chomwe chimagwira ntchito miyezi 6 yokha. Mukayezetsa msanga kwambiri, chikalata chitha pempho musanapereke.

Kwa amene ali kale ku Britain, msampha waukulu ndi uwu. Mwapereka pempho lowonjezera viza kapena lopempha kukhazikika, yankho lisanabwere. Usiku foni ikulira, bambo atisiya kumudzi. Mwambo wathu ukuti nyamuka. Koma lamulo la kumeneko likuti mukatuluka pempho lisanayankhidwe, kupatula kupita ku Ireland ndi tizilumba tina tapafupi, pempholo amalitenga ngati mwalibweza. Ngati viza yakale inatha kale, mungapezeke muli ku maliro opanda njira yobwerera kuntchito, ana ali ku sukulu ku Leeds. Palibe angakuuzeni kuti musakaike bambo anu. Koma inu akumudzi, mwana wanu akakuuzani akulira kuti sangathe kubwera sabata ino, musamuweruze msanga. Mwina zimene zamugwira n'zimenezi.

Kumenekonso masiku amawerengedwa. Wofuna kukhazikika atagwira ntchito zaka zake asakhale kunja masiku oposa 180 m'miyezi 12 iliyonse. Akakhazikika, chilolezo chake chimafa akatha zaka ziwiri zotsatizana ali kunja. Ndipo makadi akale aja a chilolezo otchedwa BRP anatha ntchito kumapeto kwa 2024. Tsopano chilolezo chili pa intaneti, amati eVisa. Mukasintha pasipoti, lowetsani nambala yatsopano mu akaunti yanu musanapite ku bwalo la ndege, kuopa kukakanizidwa kukwera.

Ku South Africa, kapena kuti ku Joni monga timanenera, nkhani yake ambiri mukuidziwa kuposa ine. Mapempho a mapemiti amadutsa ku kampani ya VFS Global, ndipo kumenekonso umapita wekha kukadinda zala. Chiyambire 2014, wopitirira masiku amene anapatsidwa amaletsedwa kulowanso akamatuluka: chaka chimodzi ngati wapitirira masiku osaposa 30, zaka 5 ngati wapitirira kuposa pamenepo. Wokhazikika naye akhoza kutaya chilolezo chake akakhala kunja zaka zoposa 3. Mwaona, dziko lililonse lili ndi muyeso wake. Chimene mnzanu wa ku Johannesburg akudziwa sichigwira ntchito ku Boston.

Malamulo amenewa amasinthanso, ndipo masiku ano akusintha mothamanga. Mu August 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola masauzande angapo kwa ena opempha viza yokacheza, ndipo mayiko oyamba kutchulidwa anali Malawi ndi Zambia. Chaka chomwecho Britain inatseka njira yolembera osamalira okalamba kuchokera kunja. Choncho zimene ndakambazi zitengeni ngati poyambira. Musanachite kanthu, werengani pa tsamba la boma lenilenilo, ndipo ngati nkhani yanu ili ndi mfundo yopota, monga mlandu wakale ngakhale waung'ono, onanani ndi loya wovomerezeka wa za olowa m'dziko. Chenjerani ndi aja amati "ndili ndi munthu m'katimo, ndikupezerani tsiku la mawa". Tsiku la zala ku USCIS siligulitsidwa pamsika.

Ndisanaiwale, zalazo zisamalireni. Pali anthu amene mizere ya zala zawo inafufutika: omanga nyumba ogwira simenti, ochapa ndi kutsuka tsiku lonse, anamwino osamba m'manja kambirimbiri, ndi achikulire. Makina amakana, wogwira ntchito abwereza, akanabe. Masiku angapo tsiku lanu lisanafike, pewani mankhwala ochapira amphamvu, valani magolovesi, dzolani mafuta m'manja usiku. Ngati mwadzicheka chala, pitanibe, akaone okha. Ku America zidindo zikakanika kuwerengeka amakuitananinso, ndipo zikakanika kawiri amatha kukupemphani makalata a kupolisi ochokera kumadera amene mwakhalako. Kwa munthu wothamangira ndege, kuitanidwa kachiwiri kumeneko ndi masabata ena otayika. Ngati mukudziwa kuti pa NRB makina anavuta kukuwerengani, onjezerani nthawi pa dongosolo lanu.

Tisanasiyane, ndikusiyireni mafunso oti mukambirane kunyumba usiku uno, kapena mutumizire m'bale wanu ali kunja uja. Khadi lake likutha liti, nanga pasipoti? Makalata ake a boma amafikira kwa yani? Ngati ntchito yakunja yamupeza, kontirakiti ili ndi tsiku lothera? Ndipo atafunika kubwerera mwadzidzidzi kukadinda zala, tikiti imeneyo alipira ndani, iye kapena abwana? Funso lomalizali ndi loti lifunsidwe musanasayine kontirakiti, pamene abwana akadakufunani kwambiri.

Nthawi yathu yathera pamenepa.